Penti Yachikasu pa Mabawuti a Atsibweni

Kwathu kuno, kumapiri a ku Dowa, ukhoza kuyankhana ndi bambo ako anthu n'kungoti mwanayu ndi wamwano, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma atsibweni ako, mlongo wa mayi ako, suyankhana nawo. Ndiwo eni mbumba. Ndiwo amakuuza munda woti ulime, ndiwo amakakuimira ukamakwatira, ndipo tsiku lako likafika ndiwo amaloza poti adzukulu akumbe. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ena akamva nkhani yangayi amafunsa kuti, bwanji sudangowauza? Ofunsa choterowo sadakulire kwathu.

Atsibweni anga, a Gelesomu, adapita ku Joni ine ndili kupulayimale. Ankabwera patapita zaka ziwiri kapena zitatu, atavala jekete yachikopa ngakhale dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo, ndipo kutchalitchi ankawakhazika kutsogolo pamodzi ndi akulu ampingo. Malata a nyumba ya mayi adagula ndi iwo. Kusekondale adandiphunzitsa ndi iwo. Chaka chimene fodya wathu adabwezedwa kawiri kumsika, adaimba foni kuti mnyamatayo abwere, malo ndamupezera. Ndidali nditakwatira kale, mwana wathu woyamba asadayambe n'kukwawa komwe.

Mayi adandiperekeza mpaka pamsewu wa ku Nachisaka. Sadalire. Adangondigwira dzanja nati, "Kumeneko bambo ako ndi iwowo, mayi ako ndi iwowo. Usakandichititse manyazi."

Za ulendowo ndikumbukira mapazi otupa ndi mizere ya pazipata za m'malire. Masiku amene adandidindira mu pasipoti adatha ndisadadziwe n'komwe njira ya kumsika, ndipo kuyambira pamenepo ndidakhala ngati anzanga onse, munthu woyenda maso ali kumbuyo. Tinkagona m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya mayi wina. Tidalimo atatu: atsibweni pabedi, ine pansi, ndi Mateyu, mnyamata wa ku Malomo ku Ntchisi, amene ankagona chopingasa pakhomo chifukwa adali wamtali kuposa chipindacho. Mateyu adali wanthabwala. Ankati anthu a ku Dowa timapemphera kwambiri chifukwa minda yathu ndi miyala yokhayokha, ine ndinkamubwezera kuti a ku Ntchisi amayamba kuona phula akafika kwathu. Popanda Mateyu ndikadapenga chaka choyamba chomwe.

Fakitale yathu inkapanga ngolo zokokedwa ndi mathiraki, zonyamula mitengo, nzimbe, simenti. Chitsulo chinkalowa khomo lina chili chigonere, n'kutulukira khomo lina chili pamatayala. Ena ankawotcherera, koma atsibweni ankawanyoza owotchererawo kuti ndi anthu osaganiza za mawa, popeza chimene walumikiza ndi moto sungachimasule chikadzafuna kukonzedwa. Ntchito yeniyeni, kwa iwo, idali ya maliveti ndi mabawuti. Liveti ndi msomali wonenepa wopanda nsonga. Umaulowetsa pa bowo lodutsa zitsulo ziwiri, wina n'kugwiriza chitsulo cholemera kuseri, wina n'kuukhoma ndi mfuti ya mpweya mpaka utaphwanyika n'kuluma zonse ziwiri. Ine ndidayambira pogwiriza kuseri. Ukaweruka mano amakhala akunjenjemerabe, ndipo m'makutu mumalira nkhululu mpaka mawa lake.

Atsibweni adagwira mfuti imeneyo zaka zochuluka ine ndisadafike, ndipo idawadya manja. M'nyengo yozizira zala zawo zinkayera ngati chinangwa chosenda. Tsiku lina adanyamula ketulo yochoka pamoto ndi dzanja lopanda kanthu, n'kumapitiriza nkhani, mpaka Mateyu adachita kuwalanda. Makutu nawonso adali atayamba kuwathawa. Ukawayankhula uli kumbuyo kwawo, unkangoyankhula ndi khoma. Koma palibe amene ankazitchula zimenezi, ndipo iwo eni ankati ndi kuzizira chabe, magazi a Chimalawi sagwirizana ndi dziko lino.

Kapitawo, poona kuti mfuti yayamba kuwapulumuka, adawasamutsira kunsi kwa ngolo, komanga mabawuti ogwira ekiselo, chitsulo chija chimanyamula matayala. Patapita miyezi ingapo nanenso adandiitana kuti ndizikagwira nawo kumeneko. Ndidakondwa. Ndidaona ngati ndakwezedwa.

Kunsi kwa ngolo ntchito imayenda chonchi. Nati, kachitsulo kaja kozungulira pa bawuti, amayamba wakungidwa ndi makina, koma makina sawakhulupirira. Womanga amatenga sipanala yaitali ngati mpini wa khasu, yotcheredwa kale pa muyezo wake, n'kukoka mpaka sipanalayo italira kuti kha! Kulira kumeneko umakumva m'khutu, umakumvanso m'dzanja. Isadalire, natiyo sadafike. Ndiye pamabwera munthu wachiwiri, woyesa, ndi sipanala yakeyake. Amakokanso nati aliyense, ndipo akakhutira amajambula mzere wa penti kuchokera pa nati kufika pa chitsulo. Mzere umenewo ndi umboni kuti anthu awiri agwirapo. Woyesa aliyense adali ndi mtundu wake wa penti. Ine adandipatsa yachikasu.

Tsiku loyamba lomwe, ngolo yoyamba yomwe, atsibweni adamaliza mabawuti awo n'kutuluka kunsiko akupukuta manja. Ine ndidalowa, kuika sipanala pa nati woyamba, kukoka. Nati adayenda. Sadayende pang'ono ayi, adazungulira ndithu asadalire. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu adali bwino. Wachinayi adayenda. Anyamata awiri a pa ngolo yoyandikana adaona, wina adanena mawu m'chiyankhulo chawo, onse n'kuseka. Atsibweni sadamve mawuwo koma kusekako adakuona.

Sadandikalipire pamaso pa anthu. Adadikira tili m'njira yobwerera, nati, "Ine ndidayamba kumanga mabawuti iwe ukuyamwa. Ndidakuitana kuti uzipaka penti, osati uzindiphunzitsa ntchito."

Ndidapepesa. Nanga ndikadatani? Koma ndidali nditazindikira chimene chinkachitika. Sankanama ayi, kapena kuchita ulesi. Khutu silinkamva kulira kwa sipanala, dzanja silinkamvanso. Akakoka zala n'kuterereka, iwo ankayesa kuti yalira.

Akulu adati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Ndidapeza njira yanga yoviikira. Nthawi ya nkhomaliro anthu akatuluka kukakhala padzuwa, ine ndinkanamizira m'mimba, n'kubwerera kunsi kwa ngolo kukakoka manati onse mmodzimmodzi, mwakachetechete ngati wakuba. Masana atsibweni akamaona ndinkangogusitsa sipanala pamwamba, n'kupaka penti. Iwo ankasangalala, ngolo zinkatuluka zolimba, ine ndinkadya buledi wanga choimirira. Ngolo zomangidwa madzulo ndinkazilawirira m'mawa. Ndidachita zimenezi nyengo yonse yozizira, ndipo ndikaganiza za moyo wanga wa ku Joni, miyezi imeneyo ndi yokhayo imene sindichita nayo manyazi.

Mateyu ankadziwa. Lamulungu lina tikuchapa maovololo pampopi, adanditsina khutu. Adati ndisadabwere kunsiko, woyesa wa atsibweni adali bambo wina wa ku Zimbabwe, ndipo adakawaneneza kwa kapitawo kawiri kuti manati awo akuyenda. Atsibweni adauza kapitawo kuti bamboyo amadana ndi Amalawi, napempha kuti awapatse mwana wa mlongo wawo, adzagwirizana. Mateyu adandiyang'ana nati, "Achimwene, kukwezedwa kwanu n'kumeneko. Adafuna munthu woti sangawatsutse."

Ndidapsa mtima, koma ndidapsera Mateyu. Ndidamuuza kuti asamalowerere za pabanja pa eni. Masiku atatu sindidamuyankhule, chonsecho ndinkadziwa kuti wanena zoona.

Tsiku la tsoka atsibweni adaiwala fodya wawo m'thumba la jekete, nabwerera mkati nthawi ya nkhomaliro. Ndidali chagada kunsi kwa ngolo, sipanala ili m'manja, pamene ndidaona nsapato zawo zitaima pafupi ndi mutu wanga. Zidaima pamenepo nthawi yaitali. Kenaka zidatembenuka n'kupita. Madzulo ake sadadye nane mbale imodzi. Mawa lakenso ayi.

Loweruka foni yanga idalira, adali mayi. Sadandifunse n'komwe kuti ndadzuka bwanji. Atsibweni adali atawauza kuti ndikuwakumba pansi, ndikufuna azungu awachotse kuti malo awo nditenge ine. Mayi ankalira. Adandikumbutsa malata, adandikumbutsa sukulu, adandifunsa ngati ndikufuna kuti mudzi wonse uziwaloza kuti adabereka njoka. Ndidayesa kufotokoza za manati ndi sipanala yolira, koma kwa mayi amene sadaonepo kunsi kwa thiraki, mawu angawo adangomveka ngati mwano wophunzira kutauni. Adamaliza ndi kuti ngati ndili mwana wawo, ndisiye. Foni n'kudula.

Ndidasiya. Palibe adandigwira dzanja, ndidasiya ndekha. Lolemba ndidatuluka ndi anzanga kukadya padzuwa, atsibweni adandisunthira malo pa benchi, nandigawira nyama yawo. Ndidadziuza kuti makina aja amakunga mokwanira, kuti sipanala ndi mwambo chabe wa azungu, kuti pa manati asanu ndi atatu ngakhale atatu atalephera otsalawo agwira. Munthu ukafuna kugona mtulo supereweredwa zodziuza. Ndinkapaka mizere yanga yowongoka bwino, kapitawo mpaka adandiyamikira kuti ndine wachangu.

Mtendere udabwerera m'kachipinda kathu. Atsibweni adayambanso kutitsogolera nyimbo Lamulungu m'mawa, ndi mawu awo aja okwera mopitirira chifukwa sankadzimva. Kumudzi mkazi wanga adaumba njerwa. Mateyu yekha ndi amene adasiya kundiseka, ndipo ndidazisowa nthabwala zakezo kuposa mmene ndinkaganizira.

Mvula itayamba kugwa kumeneko, ngolo ina idabwerera itanyamulidwa pamwamba pa inzake. Idali yonyamula mitengo. Ekiselo yakumbuyo idali itapotoka n'kuyang'ana kumbali. Tidamva kwa dalaivala wobweretsayo kuti idasuntha pamtsetse, ngolo n'kutaya msewu, n'kukolopa anthu odikira minibasi. Angapo adavulala. Mayi mmodzi adafera pomwepo. Dalaivalayo adati mayiyo adali ndi thumba la malalanje, ndipo malalanjewo adamwazika msewu wonse. Dzina lake sindidalimve, ndipo sindidalimbe mtima kufunsa.

Adatiitanira mu ofesi awirife, ine ndi atsibweni. Patebulo adayala mabawuti anayi, awiri oduka, awiri mano ake atadyeka. Pa nati aliyense padali penti yachikasu, yowala ngati ndapaka dzulo. Mwini fakitale adalipo, koma wofunsa adali kapitawo. Adayamba ndi atsibweni, ngati adamanga mpaka sipanala kulira. Adayankha kuti inde, monga amachitira masiku onse. Ndikhulupirira kuti theka la mtima wawo linkakhulupirira zimenezo. Kenaka adatembenukira kwa ine. Kodi udayesa?

Ndidayang'ana atsibweni. Kwathu wamkulu akakhalapo mwana sayamba kuyankhula, ndipo ndidali ndi chiyembekezo chopusa kuti anena kanthu, kuti ndidamuletsa ndine, manja angawa adatha. Iwo adangoyang'ana manja awowo, atawasanjika pamaondo. Kapitawo adafunsanso.

"Sindidayese," ndidatero.

Adafunsa chifukwa chake. Apo ndiye padali poti ndinene zonse. Ndikadanena, atsibweni akadatuluka pakhomo lomwelo tsiku lomwelo, munthu wamkulu wopanda manja, wopanda makutu, wopanda pepala lililonse loti n'kudandaulira. Ndipo ine sizikadandipulumutsa, penti idali yanga basi. Ndidati ndinkafulumira.

Sadanditengere kukhoti. Ndikuganiza kuti mwini fakitale sadafune kuti anthu a boma abwere kudzawerenga antchito ake. Adangondiuza kuti ndisadzapondenso pamenepo. Patapita masiku awiri galimoto ya apolisi idaima pakhomo pa nyumba imene tinkagona, nafunsa mapepala a munthu mmodzi yekha, ine. Atsibweni adali kuntchito. Mateyu ndi amene adathamangira galimotoyo n'kundiponyera juzi yake pawindo.

Za kumalo osungirako anthu opanda mapepala sindikonda kukamba. Tidali ambiri, mabulangete adali ochepa, chifuwa chinkayenda kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Mateyu adabwera kawiri ndi buledi ndi sopo. Ulendo wachiwiri ndidamufunsa ngati atsibweni atumiza mawu. Adati akuti upemphere. Ndidamufunsa kuti woyesa wawo tsopano ndani, adati kapitawo wawachotsa kunsi kwa ngolo, akusesa ndi kusankhula mabawuti m'mabokosi. Ndidaseka mpaka kutsokomola. Ntchito imeneyo idalipo nthawi yonseyi.

Boma la kumeneko litandibweza kwathu, ndidafika kumudzi ndi jumbo ya pulasitiki ndi juzi ya mwini. Mbiri idali itanditsogolera. Atsibweni adauza mayi kuti mnyamatayo adachita ulesi pantchito mpaka munthu adafa, ndipo iwo adachita kugwada kwa azungu kuti ndisamangidwe. Chondiwawa n'chakuti theka loyambalo silidali bodza. Mayi adandipatsa moni ngati mlendo wodutsa. Mwana wanga adathawira kuseri kwa mayi wake. Njerwa zija zidali zitasungunuka ndi mvula pamulu pomwepo. Mkazi wanga ndidamuuza zonse tsiku lina tikupalira, adamvetsera mpaka kumapeto, kenaka adati, ndiye mayi wa malalanjeyo adalakwa chiyani? Adaweramanso n'kupitiriza kupalira. Sadandinenepo china, koma funso limenelo likadali nane.

Kutchalitchi adandiimitsa mgonero kwa kanthawi. Sindidatsutse. Ndidayamba kukonza njinga pansi pa mtengo pamsika wathu, ndipo anthu ankabwera chifukwa panalibe wina, koma ena ankaimirira pompo kuyang'anitsitsa ndikamamanga tayala.

Padapita zaka ziwiri atsibweni asadabwere. Atabwera, adabwereratu. Zala zawo zidali zitapindika, batani la malaya ankawamangira ndi akazi awo. Mudzi udawalandira ngati mfumu. Nthawi imeneyo mayi adali atayamba kudwala matenda amene adawatenga, ndipo adandiitana pamphasa pawo. Adati sakufuna kupita akusiya mwana wawo ndi mlongo wawo akuyang'anana ndi diso lofiira. Adati nditenge nkhuku ndikapepese kwa atsibweni, pamaso pawo, kuti afe mtima uli pansi.

Ndidagona nawo mawu amenewo masiku anayi. Ndikadawauza zoona, akadakhulupirira ndani? Ndipo akadandikhulupirira, ndiye kuti ndawalanda mlongo wawo yekhayo ali pafupi kutsikira kulichete. Tsiku lachisanu ndidagwira tambala.

Mayi tidawanyamula n'kuwakhazika pakhonde la atsibweni, atatsamira chipupa. Abale adasonkhana. Ndidagwada pafumbi, tambala ali m'manja, n'kunena kuti ndidalakwa, ndidawachititsa manyazi kudziko la eni, ndidaiwala zabwino zonse zimene adandichitira. Mawuwo ankatuluka okha ngati ndikuwerenga katekisimu. Atsibweni adapendeketsa mutu kuti amve, ndipo mwina adamva theka. Adatambasula manja kuti alandire tambalayo koma zala zidakana kugwira, adachita kulandira akazi awo. Kenaka adandisanjika dzanja pamutu.

"Zatha, mphwanga. Ndakukhululukira."

Mayi adayesa kululutira, mawu sadatuluke, koma nkhope yawo idamasuka kwa nthawi yoyamba chibwerere ine. Anthu adaimba nyimbo. Ine ndidali chigwadire, ndipo mumtima mwanga mudalibe chilichonse, ngakhale mkwiyo.

Anthu atabalalika, atsibweni adati ndiwaperekeze kudimba akaone nzimbe zawo. Tidayenda mpaka titapitirira nyumba yomaliza. Pamenepo adaima. Sadandiyang'ane. Adafunsa motsitsa mawu, chinthu chimene sindidawamvepo akuchita chigonthere makutu awo.

"Kuchokera tsiku lija udasiya, mpaka ngolo ija kubwerera, tidatulutsa zingati?"

Ndidati sindidawerenge. Miyezi idali isanu, ndipo pa sabata zinkatuluka zingapo.

"Ine ndidakhalako zaka ziwiri pambuyo pako," adatero. "Ndinkayang'ana pageti tsiku ndi tsiku. Mwini fakitale sadaitanitse ngakhale imodzi kuti ibwere idzayesedwe."

Mphepo inkawomba kuchokera kumapiri a ku Ntchisi, ndipo ndidaona zala zawo zikuyamba kuyera. Ndidadikira kuti anene china, mawu amodzi okha oti ndisenze nawo limodzi katunduyu. Adangoyang'ana kumudzi kumene tidachokera.

"Mayi ako asamve zimenezi," adatero.

Sadamve. Tidawaika m'manda mwezi wotsatira, ndipo amene adaloza poti akumbe adali atsibweni. Ngolo zinazo zikadali pamsewu mpaka lero, kumene zili sindikudziwa, zitasenza mitengo ndi simenti, mizere yanga yachikasu ikuuza aliyense wosuzumira kunsi kuti anthu awiri adagwirapo.